MUNDA WOSAONA DZUWA PANSI PA NYANJA YAMCERE

Mlimi ali yense adziwa kuti cimanga cobzalidwa pamthunzi sicibereka, pakuti zomera zipanga cakudya cao ndi kuwala kwa dzuwa. M'nyanja yamcere kuwala kumeneku kucepa kwambiri munthu akatsika mamita 200, ndipo pofika mamita 1,000 kuli mdima wa ndiwe yani. Nanga zamoyo za kumeneko zidyetsedwa ndi ciani?

Zomera zina zikhutira ndi kakuwala kotsalako. M'caka ca 1984 akatswiri a sayansi Mark ndi Diane Littler anapeza ndere zofiira zomera pamiyala, mamita 268 pansi pa madzi, pafupi ndi cisumbu ca San Salvador ku Bahamas. Utoto wofiira wa ndere zotere ugwira kuwala kobiriwira, kumene kulowa patali m'madzi koposa kuwala kwa mitundu ina. Zikula pang'onopang'ono, koma zikula ndithu.

Cozizwitsa ceniceni cinaoneka mu 1977, pamene sitima yaing'ono yoyenda pansi pa madzi yochedwa Alvin inatsika mamita ngati 2,500 pafupi ndi zisumbu za Galápagos. Anthu a m'sitimayo anapeza akasupe a madzi otentha otumphuka m'ming'alu ya miyala, atazingidwa ndi nkhanu, nkhono ndi nyongolotsi zotalika kufikira mamita awiri. Alimi a m'munda umenewu ndiwo mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso. Dzuwa alibe nalo nchito: mphamvu yopangira cakudya aitenga mumpweya wa sulufule wonunkha ngati dzira loola, umene utuluka pamodzi ndi madziwo. Nyongolotsi zija zilibe kamwa ngakhale matumbo. Zisunga mabakiteriyawo m'thupi, ziwatengera mpweyawo ndi magazi ao ofiira, ndipo iwo azidyetsa.

Tsoka lake n'lakuti miyala younjikana pa akasupe otere ili ndi mkuwa ndi golide. Mu 2011 boma la Papua New Guinea linalola kampani ya Nautilus Minerals kukumba mgodi pa akasupe a m'nyanja ya Bismarck, mamita 1,600 pansi pa madzi. Anthu a m'mphepete mwa nyanjayo anadandaula kwambiri poopera nsomba zao. Makina akuluakulu okumbira anapangidwa kale, koma kampaniyo inagwa mu 2019 isanayambe kukumba.