Chingerezi pa khomo la sukulu ya udokotala ku America

Wophunzira wolakalaka udokotala amaika mtima wake wonse pa Biology, Chemistry ndi Physics. N'zoyenera, koma ku United States ena amapunthwa pa chimene ankachiyesa chaching'ono, makosi a Chingerezi.

Kumeneko munthu salowa sukulu ya udokotala atangochoka ku sekondale. Amayamba watenga digiri ya zaka 4, ndipo m'zaka zimenezo ndi momwe amakhozera makosi ofunidwa. Sukulu zambiri zimafuna chaka chathunthu cha Chingerezi kapena cha kalembedwe, ndiye kuti masemesita awiri.

Chosautsa n'chakuti lamulo si limodzi. Sukulu ina imavomera kosi ya filosofi kapena ya mbiri yakale, bola inali yolembalemba kwambiri. Ina imafuna kosi ya ku dipatimenti ya Chingerezi basi. Makiredithi a AP, amene mwana amapeza akadali ku sekondale, kwina amawalandira, kwina amawakana. Bungwe la sukulu za udokotala la AAMC limasonkhanitsa zofuna za sukulu iliyonse pa mndandanda wotchedwa MSAR, ndipo ndikupempha wophunzira aziwerenge ali chaka choyamba. Kuzindikira mwezi wa May, mafomu ofunsira malo a AMCAS atatsegulidwa kale, kuti semesita imodzi ikuperewera, kumaliritsa munthu amene anakhoza bwino zina zonse.

Mayeso olowera sukulu ya udokotala a MCAT nawonso ali ndi gawo lotchedwa CARS, mafunso 53 m'mphindi 90, lopanda sayansi m'pang'ono pomwe. Umangopatsidwa ndime za chikhalidwe, luso kapena ndale, uwerenge n'kutola mfundo ya wolemba. Kenako pali kalata yofotokoza chifukwa chimene ukufunira udokotala, yosapitirira zilembo 5,300.

Ine sindiona nkhanza pamenepa. Dokotala amalemba m'fayilo ya wodwala pakati pausiku, maso ali psuu ndi tulo, ndipo namwino wolowa m'mawa amadalira mizere imene walembayo popereka mankhwala. Mzere umodzi ukasokonekera, wovutika ndi amene wagona pabedi.

Kwathu ku Malawi tikudziwa kale kuti popanda kiredithi ya Chingerezi pa MSCE, khomo la yunivesite silitseguka. Koma woganiza zopita ku America adziwe kuti AMCAS sitsimikiza magiredi a yunivesite za kwathu, ndipo sukulu zambiri zimafuna kuti makosiwa atengedwere ku America komweko kapena ku Canada. Ngakhale amene walankhula Chingerezi kuyambira ku pulayimale angafunike kukhalanso m'kalasi masemesita awiriwo.