Kakhomo Kamene Kamaletsa Turbo Kupha Injini

Anzanga, mukamva lole ikukwera mtunda, pansi pa mkokomo wa injini pamamvekanso kalikhweru kakang'ono. Chikuimba likhwerucho ndi turbo. Ambirife dzinali timangoliwerenga pa zomata za kumbuyo kwa galimoto basi, ndiye lero tiyeni tiisuzumire m'kati, makamaka kachipangizo kena kamene anyamata okonda liwiro amakagula padera kuti galimoto zawo zizithamanga koposa.

Tiyambire kukhitchini. Moto ukamazilala timaupemerera, eti? Injini nayonso ndi moto wotsekeredwa m'chitsulo. Mukaipatsa mpweya wambiri imatha kuwotcha mafuta ambiri, mphamvu n'kuchuluka. Turbo ndi mvukuto wa injini, koma wosapopa ndi manja. Ili ndi timafani tiwiri tolumikizidwa ndi kamtengo kamodzi kachitsulo. Utsi wotuluka mu injini umazunguza kafani koyamba, ndiye kachiwiri kamazungulira nawo n'kumakankhira mpweya wabwino m'masilinda. Timafanito timatha kuzungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Nzeruyi si yadzulo ayi. Alfred Büchi wa ku Switzerland anailembetsa mu 1905.

Vuto lake ndi ili. Mpweya ukachuluka moto umakula, moto ukakula utsi umachuluka, utsiwo umazunguza turbo kwambiri, turbo n'kuwonjezeranso mpweya. Popanda choletsa, zimenezi zingamangokwererakwerera mpaka china chake chitaphulika. Choletsacho ndi wastegate. Ndi kakhomo kakang'ono kumbali ya utsi. Kakatseguka, utsi wina umalambalala kafani n'kupita molunjika ku ekizozi. Amene munathirirapo kudimba mukudziwa: madzi akachuluka m'ngalande mumaboola pambali kuti ena apatuke, mbewu zisakokoloke.

Nanga amatsegula kakhomoko ndani? Ndi actuator. Maonekedwe ake ngati kachitini ka machisi a nsapato, pepani, ka polishi wa nsapato, koma konenepako. M'kati muli chikopa cha labala ndi sipuling'i, ndipo kunja kwatuluka kandodo kachitsulo kokafika pa kakhomo kaja. Kapaipi kamatenga mpweya wopanikizidwa ndi turbo n'kukaulowetsa m'kachitinimo. Ndiye mumakhala kulimbana: sipuling'i ikukoka kuti khomo likhale chitsekere, mpweya ukukankha kuti litseguke. Mpweya ukapambana, khomo latseguka, turbo yasiya kuwonjezera liwiro.

Apa ndi pomwe Physics yathu ya pressure ija imagwira ntchito, inu amene mumati sitidzaigwiritsa ntchito kulikonse. Mpweya wotizungulirawu, kufupi ndi nyanja yamchere, uli ndi pressure ya 14.7 psi, yomwe ndi pafupifupi 1 bar. Imene turbo imawonjezera pamwamba pake amaitcha boost. 1 bar ndi manyutoni 10 pa sikweya sentimita iliyonse. Tiyerekeze kuti labala uja ndi wa masikweya sentimita 20 ndipo boost yafika 0.5 bar. Chulukitsani 5 ndi 20, mupeza manyutoni 100, ngati kulemera kwa thumba la ufa la makilogalamu 10. Sipuling'i yogonja pa mphamvu imeneyi itsegula khomo pa 0.5 bar. Mukaika ina yolimba kawiri, khomo lidikira mpaka 1 bar. Chinsinsi chonse cha actuator yogula padera n'chimenechi basi.

Makampani monga Turbosmart ya ku Australia ndi Forge Motorsport ya ku Britain amapanga ma actuator otere. Ambiri amamasulika, munthu n'kusintha sipuling'i, kaya ya 7 psi, kaya ya 10, kaya ya 14. Kandodo kaja kali ndi mazinga ngati bawuti, ndiye mutha kukafupikitsa kapena kukatalikitsa. Makaniko wodziwa ntchito amakasiya kafupi pang'ono, mamilimita awiri kapena atatu, moti pokakoleka pa khomo amachita kukoka. Cholinga chake n'chakuti khomo litsekeke zolimba, utsi usamadonthe galimoto ikamanyamuka. Akatha amamanga nati kuti kasamasuke ndi kugwedezeka. Asanalize injini amapopa mpweya m'kachitini ndi kapampu kokhala ndi geji, aone nambala imene kandodo kayambira kusuntha. Kenako amaika geji ya boost m'galimoto n'kukayesa pamsewu. Akafuna kusintha, amapotoza pang'ono, n'kukayesanso.

Aulesi ndiye amangofupikitsa kandodo kwambiri poganiza kuti apeza mphamvu zaulere. Zoona boost imakwera, koma sipuling'i imakhala itafinyika kale, kandodo kamatsala ndi mpata wochepa woyenda, khomo silitsegukanso lonse. Injini ikafika pothamanga kwambiri utsi umasowa kothawira, boost n'kumangokwera yokha kudutsa pamene munafuna. Ena amafika pomanga khomolo ndi waya kapena kuzula kapaipi kaja. Kwa ine ameneyo si makaniko, ndi wakupha.

Chimaonongeka n'chiyani? Kuchoka pa 0.5 bar kufika pa 1 bar ndiye kuti pressure yonse yolowa mu injini yachoka pa 1.5 kufika pa 2, kuwonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu. Mpweya umenewo umafuna mafuta ofanana nawo. Pa injini ya petulo, mafuta akapelewera moto umatentha mopitirira, komanso petulo wina amaphulika yekha mosadikira nthawi yake. Zimamveka ngati timiyala tikugogoda m'chitini, ndipo zimatha kuswa kapena kusungunula pisitoni. Onjezani kuti mpweya ukapanikizidwa umatentha, gwirani pampu ya njinga mukatha kupopa muone. N'chifukwa chake pamakhala intercooler youziziritsa, koma nayo ili ndi malire ake. Gasiketi ya hedi imathanso kupsa. Galimoto zambiri za masiku ano zili ndi kompyuta imene ikaona boost yadutsa muyeso imadula mafuta, dalaivala n'kumadabwa kuti bwanji yafooka pamtunda. Choncho osintha actuator mwanzeru amasinthanso pulogalamu ya kompyutayo. Pa dizilo nkhani ndi ina: mpweya wokha popanda kuwonjezera dizilo supatsa mphamvu yooneka, mumangotopetsa turbo.

Kwa mnyamata wa Subaru Impreza WRX wochita mpikisano, injini ikafa wataya chosewerera. Koma taganizani za bambo amene pikapu yake ndi imene imanyamula chimanga ndi fodya, ana ake fizi imachokera momwemo. Mnzake wamunamiza kuti kupotoza kanati kamodzi galimoto iziuluka pa mtunda wa ku Dedza. Actuator ndi yotchipa poyerekeza ndi injini yonse, ndipo pisitoni ikabooka pikapuyo ikhala pa galaja miyezi.

Chinanso, si turbo iliyonse ili ndi kakhomoka. Injini ya 1KD-FTV ya malita 3.0, imene ili mu Hilux zambiri za D-4D, turbo yake ili ndi timapiko tosuntha tozungulira kafani ka utsi, ndipo kompyuta ndi imene imatipendeketsa kudzera pa kamota kamagetsi. Pamenepo mukabwera ndi kachitini kanu ka sipuling'i, musowa ndi pokamanga pomwe.