Fumbi la ku Joni likadali m'mapapo mwa madala a ku Thyolo

M'midzi yozungulira minda ya tiyi ku Thyolo muli madala amene akangokwera kachitunda amaima, manja m'chiuno, kudikira kuti befu atsike. Ena mwa iwo unyamata wawo sunathere pothyola tiyi ku Satemwa kapena kwa Conforzi. Malo olima anali ochepa poti nthaka yambiri inali m'manja mwa esiteti, choncho analembetsa ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, n'kupita kumigodi ya golide ku Joni kukasaka njinga, wailesi ndi malata. Boma la Kamuzu Banda linaimitsa maulendowa mu 1974 ndege yonyamula Amalawi itagwa ku Francistown. Anayambiranso mu 1977 pansi pa bungwe la Teba, n'kutheratu mu 1988. Anthu anabwerera kumudzi, koma fumbi limene anapuma pansi pa nthaka anabwera nalo.

Madokotala amatcha matenda obwera ndi fumbili silikosisi. Golide wa ku Witwatersrand, dera la migodi ya ku Joni, amapezeka m'mwala wolimba wokhala ndi quartz. Pobowola ndi pophulitsa, mwalawu umatulutsa fumbi losalala kwambiri moti diso silingalione. Fumbi lalikulu limatsakamira m'mphuno ndi pakhosi, munthu n'kulimina kapena kulilavula. Losalalali limalowa mpaka m'timatumba ta mpweya ta m'mapapo. Kumeneko asilikali a m'thupi amalimeza, koma mwala sugayika. Asilikaliwo amafa, ena n'kubwera kudzalimezanso, ndipo pamalopo pamatsala chipsera. Zipsera zikachuluka, mapapo amalimba, osatambasuka, ngati chikopa chouma padzuwa. Izi zimatenga zaka 10, 20 ngakhale 30, ndipo zimapitirira munthu atasiya kale ntchito. N'chifukwa chake achibale ambiri saganizako za mgodi, ena amafika ponena kuti bambo awo analodzedwa.

Vutoli ndi lakale. Ku Slovakia kuli tauni yaing'ono ya Banská Štiavnica, imene inalemera ndi siliva ndi golide. Kumeneko anagwiritsa ntchito onga pophwanya miyala mumgodi mu 1627, ndipo mu 1762 kunakhazikitsidwa sukulu ya zamigodi.  Koma dokotala wa ku Germany, Georgius Agricola, anali atalemba kale m'buku lake lotuluka mu 1556 kuti m'migodi ya m'mapiri a Carpathian, omwe amadutsa m'dzikolo, munali akazi amene anakwatiwapo kasanu ndi kawiri, amuna onse akufa ndi chifuwa.

Silikosisi sapatsirana ndipo alibe mankhwala ochiza. Kuopsa kwake kwina n'kwakuti amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB: munthu wa silikosisi amachitenga mosavuta pafupifupi katatu kuposa mnzake, ndipo pakakhala HIV chiopsezo chimakula koposa. TB yokha ndiyo imapatsirana, ndipo ingagwire mayi ndi adzukulu ogona nyumba imodzi ndi wodwalayo. Mwayi wake ngwakuti imachizika ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, omwe m'zipatala za boma ndi aulere.

Choncho amene anagwirapo kumgodi akaona kuti akutsokomola osaleka, akuonda, akutuluka thukuta usiku kapena akubanika, apite kuchipatala cha boma cha Thyolo kapena chipatala chaching'ono chapafupi. Kumeneko anene okha kuti anali kumgodi, ndi zaka zingati, kuti ayezedwe makhololo ndi kujambulidwa pachifuwa. Fodya asiye, utsi wa m'khitchini aupewe.

Palinso za chipukuta misozi. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza kuti makampani asanu ndi limodzi a golide apereke ndalama zokwana R5 biliyoni kudzera ku Tshiamiso Trust. Ndalamazi ndi za odwala silikosisi kapena TB ya kuntchito amene anagwira m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, komanso akazi amasiye ndi ana awo. Kulembetsa n'kwaulere, ndiye wobwera pakhomo kudzapempha ndalama ya fomu ndi kamberembere. Chofunika ndi kusunga bwino pasipoti yakale, nambala ya kuntchito ndi mapepala a kuchipatala, chifukwa ndi zimene zimachitira munthu umboni.