KODI BWALO LINGALANDIRE ANTHU ANGATI?

Munthu aliyense wogwira nchito m'mgodi adziwa kuti cikepe cotsikira pansi cili ndi ciwerengero cace ca anthu. Cikakwana, kapitao atseka citseko, ndipo otsala alindira ulendo wina. Bwalo la mpira kapena la msonkhano, kumene anthu aonera ali ciimire, nalonso lili ndi ciwerengero cace. Koma popeza pabwalo palibe cingwe coti ciduke, ambiri aiwala zimenezi.

Pa 2 June 2007, Zambia atagonjetsa Congo-Brazzaville pa bwalo la Konkola ku Chililabombwe, anthu 12 anafa popanikizana poturuka. Ku Ellis Park, mu Johannesburg, anafa anthu 43 m'caka ca 2001. Ku Hillsborough, mu mzinda wa Sheffield ku England, ngozi ya pa 15 April 1989 inatenga miyoyo 97.

Ambiri ayesa kuti ofa m'khamu afa cifukwa copondedwa. Koma kawirikawiri afa ali ciimire. Pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi, anthu 2 aima momasuka. Akafika 5, ngozi yayandikira. Akapitirira 6, munthu sathanso kuyenda mwa kufuna kwace. Khamu lonse ligwedezeka ngati madzi, nthiti zipanikizidwa, ndipo mpweya ulephera kulowa m'cifuwa. A kumbuyo sadziwa kanthu: iwo angoona kuti mzere uyenda, osadziwa kuti kutsogolo anzao ali kukomoka.

Cifukwa cace okonza msonkhano ayenera kuwerengera pasadakhale. Ku Britain kuli buku la malangizo lochedwa Green Guide, limene linaturuka koyamba m'caka ca 1973, itacitika ngozi ya ku Ibrox mu Glasgow imene inapha anthu 66 m'caka ca 1971. Bukulo liphunzitsa kufunsa mafunso anai. Kodi malo oimapo akwana anthu angati? Kodi zipata zilowetsa angati pa ora limodzi? Kodi masewera atatha angaturuke angati m'nthawi yoyenera? Nanga moto utabuka, angathawe angati? Mwa mayankho anaiwo, locepa koposa ndilo ciwerengero ca bwalo.

Naci citsanzo. Bwalo la mamita 50 m'litali ndi 20 m'lifupi lili ndi timalo 1,000 ta mita imodzimodzi. Pocotsapo 200 ta nsanja ya oyimba, njira za pakati ndi malo amene munthu sangaone bwino, titsala 800. Poika anthu 2 pa kamalo kalikonse, akwana 1,600. Tsono zipata ziyesedwe. Monga mwa bukulo, pa njira yosalala mita imodzi ya cipata ituruitsa anthu 82 pa mphindi, koma pa makwerero 66 okha, ndipo anthu asacedwe kuturuka koposa mphindi 8. Ngati cipata cili ca mamita 2, cituruitsa 164 pa mphindi, ndiwo 1,312 pa mphindi 8. Motero matikiti ogulitsa asapitirire 1,312, ngakhale malo aoneka ngati atsala. Wofuna kulandira anthu ambiri ayambe wakuza cipata.

Komabe ciwerengero ca bwalo lonse sicikwanira pa cokha, pakuti anthu saima molingana ponseponse. Athamangira kumbuyo kwa golo kapena pafupi ndi nsanja. Ku Hillsborough apolisi anatsegula cipata cacikuru kuti acepetse khamu la kunja, koma panalibe woongolera olowawo. Ambiri analunjika m'makola awiri a pakati, amene anali odzaza kale, pamene makola a m'mbali anali ndi malo. Makola awiriwo analembedwa kuti alandira anthu 2,200. Ofufuza anapeza kuti anayenera kulandira osafika 1,700, koma tsikulo munalowa oposa 3,000. Bwalo la milandu linagamula m'caka ca 2016 kuti oonera mpirawo sanapalamule ngoziyo.

Tsono nchito ya akuru a bwalo ndi iyi: kugawa malo m'zigawo ndi kuwerenga olowa m'cigawo ciliconse, kutsegula zipata nthawi ikalipo, kuika munthu pamalo okwera kuti aziyang'ana khamu, kusakhoma cipata coturukira ndi loko, ndiponso kupatsa munthu mmodzi mphamvu yoimitsa masewera akaona zobvuta.

Woonera nayenso ali ndi mbali yace. Polowa aone kumene kuli zipata. Akamva kuti anthu amkhudza mbali zonse, acoke msanga. Akapanikizidwa, aike mikono patsogolo pa cifuwa kuti apeze popumira, asalimbane ndi khamu, asawerame kutola cinthu cakugwa, koma asendere cam'mbali pang'onopang'ono. Mwana wamng'ono asalowe naye pakati pa khamu.

Wobwezedwa pa cipata cifukwa bwalo ladzaza apita kwao ali wokwiya, koma afika kwao. Akuru anati madzi akataika saoleka; nthawi yowerenga anthu ndiyo pamene zipata zisanatseguke.