Mawu Akuti "Mphamvu" Pophunzitsa za Malo Opangira Magetsi

Ophunzira umisiri wa makina ku MUBAS, sukulu yomwe inkatchedwa Polytechnic kufikira m'chaka cha 2021, amaphunzira m'Chingerezi kamangidwe ka malo opangira magetsi. Koma akayamba ntchito amalangiza anzawo m'Chicheŵa, ndipo apa ndi pamene mawu akuti "mphamvu" amasokoneza. Mawu amodziŵa tawasenzetsa matanthauzo aŵiri amene Chingerezi chimalekanitsa, a energy ndi power.

Kusiyana kwake kumaoneka bwino pa balani yowotchera fodya, monga zija zili mbwee m'minda ya ku Kasungu. Mulu wa nkhuni uli panjawo wasunga energy. Mlimi akhoza kusonkhezera pang'onopang'ono kuti tsamba liyambe lachita chikasu, kapena kukoleza kwambiri poumitsa mitsitsi ya tsambalo. Nkhuni ndi zomwezo. Chasintha ndi changu chimene ng'anjo ikutumizira kutentha m'mipope. Changu chimenechi ndicho power.

Magetsi nawonso ndi chimodzimodzi. Pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire m'chaka cha 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130. Nambala imeneyi sinena za magetsi osungidwa penapake ayi, koma kuchuluka kwa amene makinawo akanatha kutulutsa pa kamphindi kalikonse. Mayunitsi amene timagula ku ESCOM ndiwo muyeso wa energy: yuniti imodzi ndi kilowati imodzi yogwira ntchito kwa ola lathunthu. Mmisiri wosokoneza ziŵirizi angathe kugulitsa mlimi jenereta yolephera kudzutsa chigayo, ngakhale thanki itadzaza dizilo.

Maganizo athu ndi akuti "mphamvu" ikhale ya energy yokha, ndipo power tizimutcha "liŵiro la mphamvu". Ena adzati mawuŵa ndi aatali, ndipo sakunama; komabe mwana wa sukulu akawamva sasoŵa wowamasulira. Mawu akuti "nyonga", amene olemba ena amawakonda, ife sitikuwavomereza chifukwa amakumbutsa thupi la munthu kapena la ng'ombe.

Maina a zipangizo alibe vuto lotere. Kumene Chicheŵa chili ndi mawu ake, monga ng'anjo ndi nthunzi, tisabwereke. Kumene chilibe, tilembe monga amisiri amatchulira: jenereta, boila, tebaini.