Mmene Ana Athu Ayesedwera ku Sukulu

Eni mabanja a m'midzi ya kuno ku Phalombe, mlimi wanzeru sadikira masika kuti akaone munda wake. Amapitako chimanga chikangomera, nabwererakonso pa nyengo yopalira ndi yobandira. Mphunzitsi nayenso achita chomwecho ndi ana athu, ndipo nkoyenera kuti ife makolo tidziwe mayesedwe ake.

Ambiri timaganiza kuti mayeso ndi a Sitandade 8 okha. Iai, sikutero. Kuyambira chaka cha 2007, pamene boma linayamba kugwiritsa ntchito maphunziro okonzedwanso a pulayimale, mphunzitsi afunika kuyesa mwana chaka chonse. Amamvetsera mwanayo powerenga, amachonga masamu m'kope mwake, nalemba m'buku zimene wakhoza ndi zimene zamkanika. Chaka chili ndi materemu atatu, ndipo potha teremu iliyonse ana alemba mayeso nalandira lipoti lopita nalo kwa makolo. Teremu yachitatu ndiyo imaonetsa ngati mwana apita kalasi ya patsogolo kapena abwereza.

Tsono pofika Sitandade 8, woyesa salinso mphunzitsi wa pamudzi pano. Mayesowo achokera ku Zomba, ku bungwe la MANEB limene linakhazikitsidwa mu 1987, ndipo mafunso ake ndi amodzimodzi m'dziko lonse. Mwana wa patsinde pa phiri la Michesi ayankha zomwezo zimene ayankha mwana wa ku Blantyre. Mapepala onse ali m'Chingerezi, kupatula la Chichewa. Kukhoza kokha sikukwanira, pakuti malo ku sekondale ndi ochepa, ndipo amasankhidwa ndi amene akhoza koposa anzawo. Wopita ku sekondale akumananso ndi mayeso a JCE mu Fomu 2, amene boma linawathetsa kwa kanthawi koma analembedwanso mu 2021, kenaka a MSCE mu Fomu 4.

Taonani tsono: chimene mwana alemba pa masiku owerengeka a mayeso aakulu chinafesedwa zaka zisanu ndi zitatu. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anatsekeketsa sukulu zathu, zina zinasanduka misasa ya osowa pokhala. Pamenepo panalibe wolakwa. Koma tsiku limene tijombetsa mwana kuti akagulitse nandolo ku msika wa Migowi, mlandu ndi wathu.

Chotero inu bambo ndi mayi, lipoti likafika musaliponye m'chitini osaliona. Musafunse nambala yokha imene mwana wakhala m'kalasi. Funsani phunziro limene lamvuta. Ngati simudziwa kuwerenga, mwanayo akuwerengereni mokweza madzulo, pakuti khutu la kholo limamva pamene mwana adodoma. Pitani mukaonane ndi aphunzitsi teremu yoyamba, nthawi yomthandiza ikadalipo. Ndipo akalephera musamnyoze, koma mumlimbitse mtima kuti abwerere m'kalasi.