Ku Cape Town, Phiri Silijambulika Muli Pamwamba Pake

Mukamva dzina la Cape Town, chithunzi chimene chimabwera m'maganizo ndi chimodzi: phiri lalikulu lafulati pamwamba ngati tebulo, mzinda uli m'munsi mwake, nyanja ili patsogolo. Chili pa makalendala, komanso m'mafoni a abale athu amene akugwira ntchito kumeneko. Koma alendo ambiri akangofika amathamangira kukwera phirilo, amalipira ndalama zochuluka, amajambula zithunzi mazanamazana, ndipo atabwerera kwawo amadabwa kuti pa zithunzi zonsezo palibe pamene phiri la Table likuoneka. Chifukwa chake n'chosavuta. Anali ataponda pa chinthu chimene ankafuna kujambulacho.

Chithunzi cha pakalendala chija amajambulira ku Bloubergstrand, gombe lomwe lili tsidya lina la Table Bay, makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa mzindawu. Pagombepo salipiritsa. Mabasi a MyCiTi amapita mbali imeneyo, bola mugule kaye kakhadi kawo chifukwa dalaivala salandira ndalama pamanja. Mukaima pamchenga, phiri lonse limaoneka kuchokera ku Devil's Peak kumanzere mpaka ku Lion's Head kumanja, ndipo ngakhale foni yotsika mtengo imatulutsa chithunzi choti mungapachike pabalaza.

Banja lochokera ku Lilongwe kapena ku Chipata limene ladutsa Tete, Harare ndi Beitbridge pa basi, n'kuwonjezeranso makilomita pafupifupi 1,400 kuchokera ku Johannesburg, nthawi zambiri limakhala ndi masiku atatu kapena anayi okha oonera mzindawu, ndipo ndalama zake zimakhala zowerengeka. Ulendo wotere mwina sudzachitikanso. N'chifukwa chake funso loyenera kuyamba nalo si lakuti, "Kodi malo otchuka ndi ati?" koma lakuti, "Ndikaime pati, ndipo nthawi yanji?"

Yambani ndi dzuwa

Cape Town ali kum'mwera kwenikweni, choncho masana dzuwa limadutsa chakumpoto chaka chonse. Nkhope ya phiri la Table yoyang'ana mzinda inaloza kumpoto, ndiye imawala bwino pafupifupi tsiku lonse. Mbali zina za phirili zili ndi nthawi yakeyake. Munda wa maluwa wa Kirstenbosch, umene unakhazikitsidwa mu 1913, uli kum'mawa kwa phirili, ndipo umakongola m'mawa. Dzuwa likapendeka, mthunzi wa phiri umauphimba msanga. Kumeneko kuli kamlatho kokhotakhota ka mamita 130 kodutsa pamwamba pa mitengo, kotchedwa Boomslang, kamene kanatsegulidwa mu 2014. Mukafika geti likungotsegulidwa, mumayenda pakamlathoko muli nokha ndi mbalame. Mukafika masana, mumajambula misana ya anzanu. Gombe la Camps Bay ndi mapiri a Twelve Apostles zinayang'ana kumadzulo, choncho muzisungire chakumadzulo, pamene matanthwe amasanduka ofiirira.

Wotchi ya ku South Africa ndi ya ku Malawi zimayendera limodzi, koma dzuwa siliyendera limodzi. Mu Disembala, ku Cape Town limatuluka cha m'ma hafu pasiti 5 ndipo limalowa cha m'ma 8 koloko usiku. Mu Juni limatuluka itatsala pang'ono 8 koloko m'mawa n'kulowa isanakwane 6. Osunga Sabata azindikire zimenezi pokonza masiku awo, chifukwa m'chilimwe cha kumeneko Sabata limayamba ndi kutha mochedwa kuposa mmene tinazolowerera kwathu. Nyengonso n'zosemphana ndi zathu: mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pamene Disembala ndi Januwale amakhala ouma.

Pojambula anthu, dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena pambali, osati kumbuyo kwa iwowo, apo ayi nkhope zimada bii. Ndipo pukutani galasi la kamera ya foni musanajambule. Zithunzi zambiri zooneka ngati zajambulidwa mu utsi zimaonongeka ndi chala chamafuta basi.

Mphepo ndiyo imalamula

Anthu a kunyanja amaudziwa mwera. Cape Town nayenso ali ndi mwera wake, mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imene eni ake amaitcha Cape Doctor chifukwa imasesa utsi ndi fumbi la mumzinda. Imawomba kwambiri m'miyezi yotentha. Ikakankhira mpweya wachinyontho pamwamba pa phiri, pamapangika mtambo woyera umene umayala pamwambapo n'kumasefukira m'mbali ngati nsalu ya patebulo. Kwa woima ku Bloubergstrand, mtambowu ndi mphatso. Kwa amene wakwera pamwamba ndi tsoka, chifukwa amangoona nkhungu ngati chiperoni cha ku Mulanje.

Chikepe choyenda pa zingwe chokwerera phirili chinayamba kugwira ntchito mu 1929. Zikepe za masiku ano zimanyamula anthu 65 ndipo pansi pake pamazungulira pamene zikukwera, kotero palibe chifukwa cholimbirana malo a pawindo. Ulendo wake ndi wa mphindi zisanu zokha. Koma mphepo ikakula amatseka, ndipo zimenezi zimachitika kawirikawiri. Choncho musalisungire tsiku lomaliza. Mukadzuka m'mawa n'kuona kuti pamwamba payera ndipo mitengo sikugwedezeka, siyani zonse zimene munakonza, pitani tsiku lomwelo. Tengani juzi ngakhale pansi kukutentha. Mukamva huta ikulira muli pamwamba, dziwani kuti mphepo ikubwera, bwererani ku chikepe msanga.

Msonga ya phirili ndi yotalika mamita 1,086. Amene anakwerapo Sapitwa, wa mamita 3,002, akhoza kuseka. Ndipotu mzinda wa Lilongwe weniweniwo uli pamtunda wofanana ndi pamwamba pa phiri la Table. Koma kumbukirani kuti uku mumayambira m'mphepete mwa nyanja, ndipo njira ya Platteklip Gorge, imene oyenda pansi ambiri amadzera, ndi chitunda cha masitepe amiyala cha maola awiri kapena atatu, mthunzi wake wochepa. Amene ali ndi vuto la mtima, la mawondo kapena la kuthamanga kwa magazi asachite manyazi kukwera chikepe. Ofuna kuyenda anyamuke m'mamawa, atenge madzi okwanira, chipewa ndi nsapato zogwira, ndipo asayende okha.

Kunena chilungamo, ine ndimaona kuti phiri laling'ono la Lion's Head, la mamita 669, limapatsa zithunzi zabwino kuposa Table. Njira yake imazungulira phirilo, ndiye pamene mukukwera mumaona mzinda, kenako gombe la Clifton ndi Camps Bay, kenako chilumba cha Robben, ndipo nthawi yonseyi phiri la Table lili pambali panu, lathunthu. Chakumapeto kuli makwerero ndi maunyolo ogwirira, koma pali njira ina yolambalala maunyolowo. Agogo ndi ana aang'ono muwatengere ku Signal Hill, kumene galimoto imafika mpaka pamwamba. M'munsi mwa chitunda chimenechi muli mzinga umene amauwomba 12 koloko masana tsiku lililonse kupatula Lamulungu ndi masiku atchuthi, mwambo umene unayamba mu 1806. Alendo amadzidzimuka, eni mzinda amangoyang'ana wotchi.

Pa malo onsewa pali zoopsa ziwiri. Choyamba ndi akuba, amene amadikirira munthu woyenda yekha kapena wotsalira mdima utagwa. Chachiwiri ndi foni yomwe. Munthu amene akudzijambula yekha amayang'ana nkhope yake, sayang'ana phazi, ndipo kumbuyo kwake kuli phompho. Imani kaye, pondani bwino, kenako tulutsani foni.

Nyumba zokongolazo ndi makomo a anthu

M'munsi mwa Signal Hill muli dera la Bo-Kaap, la nyumba zopakidwa utoto wowala, ina yobiriwira, ina yachikasu, ina yapinki, ndi misewu yoyalidwa miyala. Misewu ya Wale ndi Chiappini ndiyo imajambulidwa kwambiri, makamaka m'mawa dzuwa lisanakwere. Ambiri mwa anthu a kumeneko ndi Asilamu, zidzukulu za akapolo ndi akaidi amene Adatchi anawabweretsa kuchokera ku Indonesia, India, Madagascar ndi m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo Mozambique. Mzikiti wa Auwal mu msewu wa Dorp unakhazikitsidwa mu 1794 ndipo ndi wakale kuposa mizikiti yonse ya m'dzikolo.

Apa mpamene mlendo amafunika kusamala. Eni derali akhala akudandaula ndi mabasi a alendo amene amatseka misewu yopapatiza, anthu okhala pamakhonde awo popanda kuodira, ndiponso kukwera mtengo kwa nyumba kumene kukuthamangitsa mabanja amene akhala kumeneko kwa mibadwo. Taganizani mutatuluka m'mawa ndi tsache m'manja n'kupeza anthu khumi osawadziwa atatsamira chitseko chanu akumwetulira kamera. Ife amene tinaleredwa kuti pakhomo pa munthu timayamba ndi "odi" tisaiwale mwambowu chifukwa choti tawoloka malire. Perekani moni. Pemphani musanajambule munthu, ndipo ana a eni musawajambule makolo awo asanavomere. Lachisanu masana ndi nthawi ya mapemphero, choncho musaunjikane pakhomo pa mzikiti. Safunsa anadya phula. Komanso ngati mwatenga chithunzi chaulere, gulaniko kanthu m'masitolo a m'deralo, monga zokometsera ndiwo, kapena lowani m'nyumba yosungiramo mbiri ya Bo-Kaap mu msewu wa Wale.

Kuchokera pamenepo, pakati pa mzinda mumayenda wapansi, ndipo kuyenda wapansi ndiko kumaonetsa zimene wokwera basi saona. Company's Garden ndi munda umene Jan van Riebeeck anayambitsa atafika mu 1652. Cholinga chake sichinali maluwa. Amalinyero oyenda miyezi yambiri pakati pa Ulaya ndi Asia ankafa ndi matenda otupitsa nkhama ndi kugwedeza mano, amene lero tikudziwa kuti amabwera chifukwa chosowa vitamini C, ndipo mundawo unali wolima ndiwo zamasamba ndi zipatso zowapatsa. Tinganene kuti mzinda wonsewu unayamba ndi dimba. Lero kulowa n'kwaulere, agologolo amabwera mpaka pamapazi, ndipo phiri limaoneka pakati pa mitengo. Kumunsi kwa mundawo kuli Slave Lodge, nyumba imene inamangidwa mu 1679 yosungiramo akapolo a kampani ya Adatchi. Mukayenda pang'ono mufika pa City Hall, pamene Nelson Mandela analankhula kwa khamu la anthu pa 11 Febuluwale 1990, tsiku limene anatuluka m'ndende. Pakhondepo pali chiboliboli chake. Kuti nyumbayi ikwane pachithunzi limodzi ndi phiri, bwererani m'mbuyo mpaka pakati pa bwalo la Grand Parade, koma mukajambula bwezerani foni m'thumba la mkati.

Chilumba ndi mbalame

Ulendo wa ku Robben Island umayambira pa V&A Waterfront ndipo umatenga maola pafupifupi anayi. Gulani matikiti masiku angapo m'mbuyo, ndipo nawonso musauike tsiku lomaliza chifukwa nyanja ikawinduka boti silinyamuka. Mandela anakhala pachilumbachi zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake, kuyambira 1964 mpaka 1982. Chilumbachi chili makilomita 7 okha kuchokera ku Bloubergstrand, kutanthauza kuti phiri limaoneka chimodzimodzi ngati pakalendala paja. Akaidi ankaliona choncho popita kukaswa miyala. Ena mwa operekeza alendo m'ndendemo ndi anthu amene anamangidwapo momwemo. Iwo akamafotokoza, tsitsani foni, mvetserani. Chitseko cha selo sichithawa, muchijambula akamaliza.

Ngati latsala tsiku lina, pitani kum'mwera kudzera ku Muizenberg, kumene kuli tinyumba tamatabwa tamitundumitundu tondandalikana pagombe, mpaka ku Simon's Town. Pagombe la Boulders pamakhala mbalame zosauluka zotchedwa penguin, zimene zinayamba kuswana pamenepo mu 1982. Mtundu wake uli pangozi yaikulu yotheratu, choncho yendani pa timilatho tamatabwa timene anakonza, osazikhudza, ndipotu zimaluma. Kuti mujambule bwino, khalani pansi kamera ikhale yofanana ndi mutu wa mbalameyo, ndipo dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ku Cape Point kuli anyani ozolowera anthu amene amatsegula zitseko za galimoto ndi kulanda zikwama, ndipo kuwapatsa chakudya ndi mlandu. Kuulutsa drone m'malo onse otetezedwawa n'koletsedwanso.

Popita ku Boulders ndi ku Cape Point musasiye pasipoti kumene mukugona. Malo awiriwa ali m'manja mwa bungwe la SANParks, limene lili ndi mitengo itatu yolowera: wa nzika za South Africa, wa nzika za maiko a SADC, ndi wa alendo ochokera kwina. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse ali mu SADC, koma wapageti sangakhulupirire mawu okha. Mukapanda kuonetsa pasipoti, banja lonse lilipira mtengo wa alendo ochokera ku Ulaya.